Tsiku Limene Ndinaimitsa Maliro pa Lupande

Mtsinje wa Lupande sudzaza ndi mvula yathu ya ku Msoro. Umadzaza ndi mvula ya kumtunda, kumapiri a ku Katete kumene ine ndinabadwira. Kuno dzuwa likhoza kumaswa mtengo, thonje n'kumafota masamba, pamene madzi ali kale m'njira ndi zitsa zawo. Ndi chifukwa chake anthu ena oona za madzi anabwera kudzaika makina kumtunda kwa mtsinjewu, pamudzi pamene anakwatira mlamu wanga, mlongo wake wa mkazi wanga.

Anakhomera paipi yachitsulo pathanthwe m'mbali mwa madzi. M'paipimo analowetsa kachitsulo kotalika ngati chala, kamene kamamva kulemera kwa madzi amene ali pamwamba pake. Waya wake unakwera mpaka pamzati pamene panali kakabati kokiya, sola pamwamba, batire m'kati. Makina a m'kakabatimo ankawatcha loga. Kiyi anam'patsa mlamu wanga kuti azipukuta sola ndi kuthamangitsa anyani. Ine anandipatsa mameseji. Ola lililonse loga inkatumiza nambala ziwiri ku foni yanga, chifukwa nyumba yanga ndiyo ili pafupi ndi powolokera, komanso ndinafika giredi thwelofu ndipo masamu sankandivuta.

Loga sidziwa mamita. Imadziwa mavoliti basi. Mayi wa oona za madzi aja amene anatiphunzitsa anandikhazika pansi pa mtengo wa msikizi mpaka zinalowa. Kachitsulo kaja kakakhala pouma kamatulutsa theka la voliti, ndipo madzi akamakwera mavoliti amakwera nawo. Ndiye pa nambala yoyamba umachotsapo theka lija, chotsalacho n'kuchulukitsa ndi wani ndi kota, wapeza kuzama kwa madzi m'mamita. Nambala yachiwiri ndi mphamvu imene loga ikudyetsa kachitsuloko, ndipo iyenera kukhala faifi. Kachitsuloko kamangobweza gawo la zimene kalandira. Ukakapatsa zochepa, nako kabweza zochepa, ngakhale madzi ali pomwepo. Choncho nambala yachiwiri ikatsika, umayamba wakonza yoyamba: kuichulukitsa ndi faifi, n'kugawa ndi yachiwiriyo. Ukatero m'pamene umachotsa theka.

Dzinja loyamba tinaona kuti madzi akafika mita ndi theka kumtundako, ngolo siwoloka kwathu kuno. Mita ndi theka m'mavoliti ndi wani poyinti seveni. Anthu anaimva nambala imeneyi n'kuigwira ngati vesi. Za mamita analibe nazo ntchito. Munthu ankangoima panjira n'kukuwa kuti, "Mwaswera bwanji akamwini, ili pa chani?" Ndikati dikirani ndiwerengere, ankaseka. Ankati ndikufuna kuonetsa sukulu. Ndinakangana nawo angapo pa nkhani imeneyi, wina mpaka tinagwirana malaya pachigayo, koma sizinasinthe kanthu. Ndipo kunena zoona nambala yachiwiri sinkasuntha pa faifi, ndiye kuwerengera kwanga ndi kuloweza kwawo kunkafika pamodzi.

Apongozi anga aakazi anamwalirira m'nyumba mwanga mwezi wa Febuluwale, atadwala nthawi yaitali. Mkazi wanga ndiye ankawasambitsa, kuwatembenuza, kuwamwetsa phala ndi sipuni. Pofika tsiku loika maliro iye mwini anali atatha, anali atakomoka kawiri pasiwa. Manda a mtundu wawo ali tsidya lina la Lupande. Mwini mbumba, mlongo wawo wa malemuwo, amene mkazi wanga amawatcha amalume, analamula kuti adzukulu awoloke m'mamawa kukakumba. Anawoloka madzi akulekeza m'maondo, pena m'ntchafu. Uthenga unabwera kuti dzenje latha. Ndipo kwa anthu a kuno dzenje lokumbidwa siligona lapululu. Amati likagona choncho limaitana wina.

Tinanyamuka dzuwa litapendeka pang'ono. Bokosi linali pangolo, pambali pake mkazi wanga, mng'ono wake amene anali ndi khanda kumbuyo, ndi amayi okalamba amene sakanatha kuyenda m'madzi. Mlamu wanga ndiye ankayendetsa ng'ombe. Amayi a mpingo ankaimba pambuyo. Kumwamba kwathu kunali koyera, koma chakumtunda kunali kutada kwa masiku, mitambo itangokhala osasuntha.

Tikutsetserekera kumchenga, foni inanjenjemera m'thumba. Amalume aja anaimva, pakuti ndinali pafupi nawo.

"Akamwini, ili pa chani?"

"Wani poyinti sikisi," ndinatero, maso akadali pafoni.

"Basi. Tiyeni nazoni ng'ombezo."

Koma ine ndinali nditaona nambala yachiwiri. Inali pa foro. Pa meseji ya m'mbuyo mwake nambalayo inali itatsikako kale, koma pamenepo madzi anali ochepa ngakhale utawerengera mbali iliyonse. Ndinagwada n'kulemba ndi chala pamchenga wonyowa. Wani poyinti sikisi kuchulukitsa ndi faifi, eyiti. Kugawa ndi foro, thuu. Kuchotsa theka, wani ndi theka. Kuchulukitsa ndi wani ndi kota. Ndinabwereza. Madzi kumtunda anali atatsala pang'ono kukwana mamita awiri, ndipo ola limodzi m'mbuyomo anali pa mita imodzi yokha.

"Imani!" ndinakuwa. Nyimbo inadukira pakati. "Mlamu, imitsa ng'ombezo!"

Anaimitsa, mapazi a ng'ombe ali kale m'madzi. Ndinapita pamene anaima.

"Batire ya loga waitani?"

Sanandiyang'ane. Anali ndi maso ofiira chifukwa cha kulira ndi utsi wa pamaliro.

"Ndikufunsa iwe. Waitani batire?"

"Ndinatchajirako foni," anatero chapansipansi. "Kwathu kuja dzuwa silinaoneke sabata yonse, masola a anthu onse anafa. Ndikanawauza bwanji abale a ku Chipata ndi ku Mfuwe kuti amayi atisiya? Ndikuwe?"

"Foni imodzi siingamalize batire ija."

"Anzanga anandipempha. Ndinawasiyira kiyi."

Ndinam'tukwana. Sindibisa, ndinam'tukwana pamaso pa bokosi la amayi ake, mawu amene sindingawalembe pano. Kenako ndinam'lamula kuti andipatse nambala ya munthu aliyense wa kumudzi kuja, woti apite pathanthwe akaone ndi maso. Anandipatsa ziwiri. Yoyamba inali yozima. Yachiwiri inaitana mpaka kuduka, ndinaimbanso, inaitana mpaka kuduka. Mlamu anati mwina nayonso ili m'kakabati momwemo.

Amalume anafika ndi ndodo yawo. Ndi munthu wamtali, wosakweza mawu.

"Akamwini, chavuta n'chiyani? Mwanena nokha kuti wani poyinti sikisi."

"Nambala imeneyo ndi yabodza, apongozi. Batire yafooka, ndiye makina akunena zochepa. Madzi enieni apitirira malire. Akubwera."

"Malire munatipatsa ndinu. Wani poyinti seveni."

"Ine ndinati mita ndi theka! Seveni wanuyo amagwira ntchito batire ikakhala yodzaza. Lero siili yodzaza."

Analoza mtsinje ndi ndodo. Madzi ankayenda mwaulesi, oyera, mchenga ukuoneka pansi.

"Awa ndi madzi a m'maondo. Ndikhulupirire maso anga kapena zimene mwalemba pansi apa ngati mwana wa sukulu?"

"Maso anu akuona pano. Ine ndikunena za kumtunda."

"Afika nthawi yanji?"

Pamenepo ndiye panandivuta, chifukwa sindinkadziwa. Nthawi zina madzi ankatenga ola kuchoka pathanthwe kufika kwathu, nthawi zina ankafulumira, malinga ndi mmene mchenga wakhutira. Komanso loga imayeza kaye n'kutumiza pambuyo pake, ndipo netiweki ya kwathu imasunga meseji mmene yafunira. Ndinawauza zoona, kuti sindidziwa.

"Sadziwa," amalume anauza anthu. Kenako anatembenukira ku Chikunda, chimene amayankhula akafuna kuti ine ndikumbuke kuti ndine wobwera. Ndimachimva bwinobwino. Anati mkamwini anabwera kudzakwatira, sanabwere kudzalamula mtsinje, ndipo pamaliro a eni ake mkamwini ntchito yake ndi kuwaza nkhuni. Anthu ena anavomereza. Kumbuyo mayi wina ananena mokweza ndithu kuti, "Kodi akuopa chiyani kumandako? Paja malemuwa afera m'nyumba mwake."

Mawu amenewo aliyense wa kuno akudziwa kulemera kwake. Ndinatembenuka kuti ndimuone amene wanena, koma onse anali atazyolika, mipango yokhayokha.

Powolokera pathu ndi potakata. Pali madzi, kenako chilumba cha mchenga pakati, kenako madzi enanso ozamirapo pafupi ndi gombe la tsidya. Ngolo yolemera imatitimira pachilumbapo nthawi zonse. Ng'ombe zimaima, anthu amatsika, amakankha, amafukula mawilo ndi manja. Ndinaziona kambirimbiri. Munthu wapansi akaona madzi akubwera amathamanga. Ngolo yotitimira, yodzaza okalamba ndi khanda ndi mkazi amene sangathe kuima yekha, sithamanga.

"Menya ng'ombe," amalume anauza mlamu.

Mlamu anakweza chikwapu. Ine ndinalowa pakati pa ng'ombe ndi ngolo, pamene mtengo wa ngolo umalumikizana ndi goli. Pali chitsulo chachitali chimene chimagwira zonsezo. Ndinachimenya ndi mwala kuchokera pansi, chinatuluka, mtengo wa ngolo unagwa pamchenga ndipo bokosi linasendera kutsogolo. Amayi a pangolo anakuwa. Chitsulocho ndinachiponya m'madzi, kutali mmene dzanja langa likanathera.

Mlamu anandigwira pakhosi. Amuna ena anatilekanitsa. Wina anandimenya chibakera kukhutu, mpaka lero sindidziwa kuti anali ndani. Pakati pa phokoso lonselo ndinamva mawu a mkazi wanga, osasa chifukwa cha kulira kwa masiku.

"Atate ake ana. Ndi amayi anga awa."

Sanakuwe. Anali atagwira ngodya ya bokosi ndi manja onse awiri kuti lisasenderenso.

"Amayi anu madzi sangawaphenso," ndinatero. "Inu angakupheni."

Ndi zimene zinatuluka. Munthu wina akanapeza mawu ofewa, ine ndilibe. Anandiyang'ana kanthawi, kenako anayang'ana kumbali.

Anyamata awiri anali atalowa kale m'madzi kufunafuna chitsulo chija ndi mapazi. Wina anati timange ndi chingwe, wina anathamangira kumudzi kukatenga waya. Amalume anaima akuyang'ana dzuwa, akuyang'ana tsidya. Kenako anamenya ndodo pansi.

"Tsitsani bokosi. Tinyamula pamapewa. Mlongo wanga sagona panjira ngati katundu."

"Ngati n'choncho ndiye tithamange," ndinatero. "Amuna okhaokha."

Palibe anandiletsa pamene ndinagwira ngodya yakumbuyo. Mlamu anali kutsogolo. Amalume analowa m'madzi pambali pathu, buluku atapinda, ndodo m'manja.

Chigawo choyamba tinawoloka bwino. Madzi anali ofunda, m'maondo momwemo. Ndinayamba kudzifunsa ngati ndalakwitsa masamu. Ndinawerengeranso mumtima, phazi lililonse nambala yake: eyiti, thuu, wani ndi theka. Zinkatuluka chimodzimodzi. Koma mtsinje unali phee, ndipo ndinkadziwa kuti ukakhala choncho mpaka madzulo, pamudzi paja ine sindidzakhalaponso.

Tili pachilumba, mapazi akutitimira, ndinacheuka. Mkazi wanga anali atatsika pangolo ndipo anali m'madzi, akubwera yekha, akudzandira, chitenje chikukokera m'madzi. Amayi awiri a mpingo ankamutsatira akumuitana. Ndinafuna kusiya bokosi. Sukanatha kusiya, ukasiya ngodya yako onse amagwa nalo.

"Mubwezeni!" ndinakuwa. "Mugwireni ameneyo!"

Nthawi yomweyo ndinamva kuzizira kumapazi. Pachilumba pamene tinaponda pouma panali patayamba kuyenda timadzi tofiirira, tonyamula thovu ndi timitengo ndi zitsononkho za chimanga. Panalibe mkokomo ngati mmene anthu amakambira. Madzi anangosintha mtundu n'kuyamba kukankha. Amayi aja nawonso anaona. Anam'gwira mkazi wanga m'khwapa uku ndi uku n'kumukokera kumbuyo, iye akulimbana nawo. Sindinaone ngati afika pagombe, chifukwa amene anali kutsogolo anayamba kuthamanga ndipo bokosi linandikoka.

Chigawo chachiwiri m'mawa chinali cha m'ntchafu. Tinalowa chili m'chiuno. Pofika pakati chinali pachifuwa, ndipo mchenga unkathawa pansi pa mapazi ukangoima. Tinakweza bokosi pamitu. Wina ankapemphera mokweza, wina ankangoti tiyeni, tiyeni, tiyeni. Chinthambi chinandimenya m'nthiti n'kupitirira. Mlamu anaterereka, mutu wake unamira, ngodya yake inagwa ndipo bokosi linamwa madzi mbali imodzi, koma anatulukanso akutsokomola, dzanja lili pachogwirira. Amalume ndodo inawathawa. Adzukulu amene ankatidikira tsidya analowa mogwirana manja n'kuwakoka, kenako anatilandira bokosi.

Nditaponda pouma ndinagwa chogwada n'kusanza madzi. Kenako ndinaimirira kuyang'ana kumene tinachokera. Chilumba panalibe. Lupande yense anali chinthu chimodzi chofiira kuchokera gombe kufika gombe, mitengo yathunthu ikudutsa mizu ili m'mwamba. Kutsidya anthu anali atakwera pamtunda, ngolo ataikokera kumbuyo ndi manja. Ndinawerenga mipango mpaka ndinaupeza wa mkazi wanga. Anali atakhala pansi, miyendo atatambasula, mng'ono wake atamugwira mapewa.

Kuti ngolo ikanakhala pati nthawi imeneyo, anthu amatsutsana mpaka lero. Ena amati ikanakhala itawoloka kalekale ndikanapanda kuwatayitsa nthawi ndi mkangano. Ine ndimati ikanakhala pachilumba, mawilo ali mumchenga. Palibe angatsimikize. Masamu anga anandiuza kuzama kwa madzi kumtunda, sanandiuze kuti ng'ombe zikanayenda bwanji tsiku limenelo.

Tinawaika apongozi dzuwa lisanalowe. Ana awo aakazi panalibe ndi mmodzi yemwe. Anaimba ndi amayi a mudzi wa tsidyalo, ochepa, ena osawadziwa n'komwe malemuwo. Ine, mkamwini amene ndinatukwana pamaliro, ndinaponya dothi m'dzenje zovala zikudontha. Amalume anaima mbali ina ya manda. Sanandiyang'ane, ndipo pa mawu awo othokoza anatchula adzukulu, anatchula onyamula bokosi onse pamodzi, za mtsinje sananenepo kanthu.

Tinakhala tsidya mpaka madzi anatsika moti mwamuna n'kuwoloka. Mameseji anali atasiya kubwera, loga inali itazimiratu. Mlamu sanabwerere nafe, anadzera njira yakumtunda kupita kwawo. Tisanasiyane anabwera pamene ndinakhala n'kuima, akukanda pakhosi.

"Ndikachotsa mafoni aja," anatero.

"Ukapukutenso sola."

"Khutu likupweteka?"

"Unandimenya ndiwe?"

"Ndikanakhala ine simukanamvanso mpaka Khirisimasi, alamu."

Sitinaseke, koma tinagwirana chanza.

Kunyumba ndinapeza anthu atabalalika, pabwalo patatsala phulusa ndi mitengo imene ankakhalira. Mkazi wanga ananditengera madzi kubafa, anandiikira chakudya, zonse mwa nthawi zonse, koma osatsegula pakamwa. Nditatha kudya anabwera kudzakhala pamphasa, chapatali pang'ono.

"Munawagoneka mutu kuloza kuti?"

Ndinamuuza.

"Madzi analowa m'bokosi?"

"Pang'ono. Mbali ya kumapazi."

"Munatsegula kuti muone?"

"Amalume anatsegula. Nsalu yokha ndiyo inanyowa. Amayi a kumeneko anaisintha."

"Anaika ya mtundu wanji?"

Sindinkakumbuka. Ndinayesa kuganiza, koma m'mutu munkangobwera madzi ofiira aja. Ndinati mwina yobiriwira. Anagwedeza mutu pang'onopang'ono, ngati munthu amene wapatsidwa chinthu chosakwanira koma alibe kwina kokatenga. Anafunsanso amene anayamba kuponya dothi, nyimbo imene anaimba potsitsa, ngati anawaika pafupi ndi amayi awo kapena chakumpoto kumene kuli chiswe. Zina ndinayankha, zina ndinalephera. Za chitsulo cha ngolo sanafunse, ndipo za mawu amene ndinamuuza pamaso pa anthu sanazitchule, tsiku limenelo kapena lina lililonse.

Loga inadzukanso dzuwa litabwerera, nambala yachiwiri ili pa faifi. Mtsinje unatsika mpaka chilumba chinaonekanso, chitasuntha malo. M'mawa wina ndinaona mkazi wanga akumanga mpango, mng'ono wake akumudikira panjira ndi maluwa a mapepala amene anapanga okha. Ndinalowa m'nyumba kukavala nsapato. Potuluka ndinapeza mkazi wanga ataima pakhomo.

"Madzi ali bwanji?" anafunsa.

"Sakufika theka la mita. Muwoloka bwino. Dikirani nditseke chitseko."

"Inu tsalani," anatero. "Munawaika kale."

Ndinawaperekeza ndi maso mpaka anatsikira kumchenga, awiriwo, zitenje atakwinyira m'maondo.